Namwino ayambe walakwira wodwala amene sangafe

Akulu akale adati madzi akatayika saoleka. Mwambi umenewu tiutchula kawirikawiri pa maliro ndi pa milandu, koma palibe malo amene uli woona kuposa pambali pa bedi la wodwala, pa kamphindi kaja namwino akankhira mankhwala mu mtsempha wa munthu. Mmisiri akadula thabwa molakwa atenga lina, ndipo mlembi wa mu ofesi akalakwitsa chiwerengero afufuta ndi kulembanso, koma mankhwala akalowa m'magazi palibe dzanja limene lingawabweze. Nchifukwa chake lero tafuna kuti tikambirane za m'mene ana athu ophunzira unamwino mu mzinda wa Mzuzu angazolowerere ntchito yopereka mankhwala asanakhudze munthu wamoyo, makamaka kudzera mu luso latsopano limene Angerezi alitcha virtual reality.

Tatchula Mzuzu mwadala. Mzinda umenewu ndiwo nkhokwe ya anamwino m'chigawo chonse cha kumpoto. Ku Luwinga kuli Mzuzu University, imene idakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo m'chaka cha 1997 ndipo iphunzitsa anamwino ndi azamba. Chapafupi pomwepo pali chipatala chachikulu cha Mzuzu, chimene chidatsegulidwa m'chaka cha 2000 ndi chithandizo cha dziko la Taiwan, ndipo chilandira odwala otumizidwa kuchokera ku Chitipa, Karonga, Rumphi, Nkhata Bay, Mzimba ndi Likoma. Mu mzinda momwemo muli sukulu ya anamwino ya St John's ndi koleji ya St John of God, pamene mtunda wa makilomita pafupifupi 20 kulowera kumpoto kuli koleji ya za umoyo ya Ekwendeni, ya Sinodi ya Livingstonia. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa mamiliyoni awiri m'chigawochi. Namwino amene aphunzira ku Mzuzu chaka chino ndiye adzagwira yekha ntchito ya usiku ku Nthalire kapena ku Usisya m'zaka zikubwerazi, kumene kulibe wamkulu womufunsa pa nthawi imene mwana wakomoka m'manja mwa amayi ake.

Vuto la kulakwitsa mankhwala si la Malawi yekha. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidayerekeza kuti zolakwa za mtundu umenewu ziwonongetsa ndalama zokwana madola 42 biliyoni a ku America chaka chilichonse. M'mwezi wa Malichi chaka cha 2017, mu mzinda wa Bonn ku Germany, bungweli lidapempha maiko onse kuti pa zaka zisanu achepetse ndi theka ngozi zazikulu zopeweka zobwera ndi mankhwala, ndipo m'chaka cha 2022 tsiku lokumbukira chitetezo cha odwala, la pa 17 Seputembala, lidaperekedwa ku nkhani yomweyi. Ndalamazo tingazilembe pa pepala, koma chimene sichilembeka ndi kulira kwa pa mudzi pamene munthu amene adapita kukafuna moyo wabwera atanyamulidwa.

Tiyenera kunena mosabisa kuti namwino salakwa chifukwa cha nkhanza kapena umbuli. Wophunzira aliyense aloweza malamulo asanu a kaperekedwe ka mankhwala: wodwala woyenera, mankhwala oyenera, mlingo woyenera, njira yoyenera ndi nthawi yoyenera. Pa mayeso malamulowa atuluka m'mutu ngati nyimbo. Koma taganizani za wodi ya ana pa nyengo ya dzinja, malungo atavuta, mabedi atadzaza, ana ena atagona awiriawiri. Namwino akuwerengera mlingo m'mutu, mayi wina amukoka malaya kuti diripi yaima, nyali yazima, ndipo pa pepala la dokotala kadontho kolekanitsa 0.5 ndi 5 sikakuoneka bwino. M'wodi yomweyo muli ana awiri a kwa Mhango kapena a kwa Gondwe. Apa mpamene malamulo asanu aja ayesedwa, ndipo mayeso oterewa sapezeka m'kalasi.

Titenge chitsanzo cha artesunate, jakisoni wa malungo aakulu amene anamwino athu abaya tsiku ndi tsiku. Mwana wosafika makilogalamu 20 alandira mamiligalamu 3 pa kilogalamu iliyonse, pamene wolemera kuposa apo alandira mamiligalamu 2.4. Mankhwalawa abwera ngati ufa wa mamiligalamu 60 m'kabotolo. Ufawo ayamba ausungunula ndi mililita imodzi ya madzi ake apadera, kenaka awonjezera madzi a mchere: mamililita 5 ngati mankhwala alowera mu mtsempha, koma mamililita 2 okha ngati abayidwa pa mnofu. Tsono mwana wa makilogalamu 10 ayenera mamiligalamu 30, omwe ndi mamililita 3 a msanganizo wa mu mtsempha, kapena mililita imodzi ndi theka ya msanganizo wa pa mnofu. Namwino akasakaniza mwa njira ina ndi kukoka mlingo wa njira inayo, mwana alandira kawiri mankhwala ake, kapena theka lokha, malungo ali m'kati kumudya. Masamu ake si ovuta. Chovuta ndi kuwachita molondola kwa mwana wakhumi, nthawi ya 3 koloko usiku.

Ku chipinda cha amayi oyembekezera kuli magnesium sulphate, mankhwala opulumutsa mayi amene magazi athamanga kwambiri mpaka kuyamba kukomoka ndi kuphupha. Mankhwala omwewo angathe kuimitsa kupuma ngati achuluka m'thupi. Abwera owirira kwambiri, ndipo ofuna kulowa mu mtsempha ayenera kusungunulidwa ndi kuperekedwa pang'onopang'ono. Mzamba asanabaye mlingo wotsatira, pa maola anayi aliwonse, ayenera kuwerenga ngati mayi akupuma kosachepera ka 16 pa mphindi, kugogoda bondo kuti aone ngati likudumpha, ndi kuyeza mkodzo. Zikaipa ayenera kudziwa pamene pali calcium gluconate, mankhwala othetsa mphamvu ya anzakewo. Wophunzira angathe kumaliza milungu yake yonse ya ku wodi osaonako mayi amene mankhwalawa amuchulukira, ndipo tithokoza kuti nzosowa chotero. Koma tsiku limene adzamuona koyamba, adzafunika kuchita bwino pa ulendo woyamba womwewo.

Wina asaganize kuti zoterezi zibwera ndi umphawi wokha. M'mwezi wa Disembala chaka cha 2017, pa chipatala china chachikulu mu mzinda wa Nashville ku America, namwino adafuna mankhwala okhazika mtima pansi otchedwa Versed. Adalemba malembo awiri oyamba a dzinalo pa kabati ya kompyuta yosungira mankhwala, natulutsa vecuronium, mankhwala oumitsa minofu yonse, ndi ya kupuma yomwe. Chenjezo lidalipo pa chitsekerero cha kabotolo, koma maso ake sadaliwerenge. Mayi wa zaka 75 adamwalira, ndipo m'chaka cha 2022 khothi lidapeza namwinoyo wolakwa ngakhale adadziulula yekha. Makina onse adalipo, magetsi adali kuyaka. Chidasowa ndi chizolowezi choima kaye ndi kuwerenga dzina lonse, ndipo chizolowezi sichigulidwa ku sitolo. Chibwera ndi kubwereza, paja mphini yobwereza ndiyo iwala.

Kuphunzira pa chinthu chofanizira si kwachilendo mu unamwino. M'chaka cha 1911 chipatala cha Hartford ku America chidalandira chidole chachikulu ngati munthu, chopangidwa ndi mayi Martha Chase, chimene anamwino ankaphunzirapo kusambitsa ndi kutembenuza wodwala. M'chaka cha 1960 Asmund Laerdal wa ku Norway adapanga chidole chophunzirira kutsitsimutsa munthu amene wasiya kupuma. Kuno kwathu azamba ambiri adziwa kachidole kotchedwa NeoNatalie, kothira madzi m'kati kuti kalemere ngati khanda, kamene kadafala ndi maphunziro a Helping Babies Breathe kuyambira 2011. Zidolezi zatithandiza ndipo zipitirire. Koma chidole sichidandaula, sichisokoneza namwino ndi mafunso, ndipo sichitupa nkhope chikalandira mankhwala odana ndi thupi lake. Chiphunzitsa manja, osati mutu wa munthu amene wapanikizika.

Apa mpamene palowera virtual reality. Wophunzira avala kumaso chipangizo chokhala ngati magalasi aakulu, m'manja nagwira tizipangizo tiwiri. Pompo chipinda chimene alimo chichoka m'maso mwake, ndipo aona wodi yojambulidwa ndi kompyuta yomuzinga mbali zonse. Akatembenuka aona mabedi kumbuyo kwake, akatambasula dzanja atola kabotolo, awerenga dzina ndi tsiku lothera mphamvu, akoka mankhwala mu sirinji, nafunsa wodwala dzina lake. Wodwalayo ayankha, apuma, ndipo thupi lake lisintha molingana ndi chimene walandira. Oyendetsa ndege adayamba kalekale kuphunzira mwa njira yofanizira, kuchokera pamene Edwin Link adapanga makina ake m'chaka cha 1929, ndipo lero palibe amene angavomere kukwera ndege ya munthu amene akuyesera pa iye kutera kwa mwadzidzidzi. Nanga bwanji tivomera kuti namwino ayesere pa mwana wathu?

Phindu la njirayi pa nkhani ya mankhwala lili panayi. Choyamba, wophunzira angathe kubwereza phunziro limodzi makumi awiri popanda kuwononga kabotolo kamodzi komwe ka mankhwala enieni. Chachiwiri, mphunzitsi angathe kutchera misampha mwadala: odwala awiri a dzina limodzi, mabotolo awiri ofanana maonekedwe, kulemera kwa mwana kolembedwa molakwa, woyang'anira wodwala wofuula pa nthawi yowerengera mlingo. Chachitatu, wophunzira aona ndi maso ake mapeto a kulakwa kwake. Aona mayi uja akupuma mobanika chifukwa bondo silidagogodedwe, mtima wake ugunda ndi mantha enieni, koma akavula chipangizocho palibe maliro. Munthu amene wachitapo mantha otere saiwala. Chachinayi, kompyuta isunga zonse zimene wachita, kotero kuti mphunzitsi adziwa ngati dzina lidawerengedwa kapena ayi, chinthu chimene sangathe kuona pamene ali ndi ophunzira ambiri pa wodi imodzi.

Izi si nkhambakamwa chabe. M'chaka cha 2014 bungwe la National Council of State Boards of Nursing ku America lidatulutsa zotsatira za kafukufuku wa m'masukulu khumi, wokhudza ophunzira oposa 600. Adapeza kuti ophunzira amene theka la maola awo a ku wodi lidalowedwa m'malo ndi maphunziro ofanizira okonzedwa bwino sadatsalire anzawo pa mayeso ngakhale pa ntchito. Pafupi ndi kwathu kuno, ku Lusaka m'dziko la Zambia, madokotala ophunzira adayeserera opaleshoni ya khansa ya khomo la chiberekero pogwiritsa ntchito chipangizo cha masewera chotchedwa Oculus Rift, ndipo lipoti la 2019 lidaonetsa kuti pobwereza adayamba kugwira ntchitoyo mofulumira ndi molongosoka. M'chaka cha 2021 kudatulukanso zotsatira za ku Kenya ndi ku Nigeria, kumene anamwino ndi azamba ankakumbutsidwa za kuthandiza khanda kupuma kudzera pa foni yoikidwa kumaso. Ngati anansi athu ayesa ndipo zatheka, ife chotiletsa nchiyani?

Tidziwa chimene ena anena, ndipo sitiwanyoza. Ati chipatala chimene nthawi zina chisowa Panado ndi magolovesi sichiyenera kulota zidole za azungu. Funso limeneli nlachilungamo, ndipo yankho lathu nlakuti tambala imodzi yomwe ya mankhwala isapatutsidwe kukagula chipangizo. Izi ndi za thumba la maphunziro, kumene kugulidwa mabuku, zidole ndi makompyuta. Ndiponso mtengo wake watsika kwambiri. M'chaka cha 2020 chipangizo chotchedwa Oculus Quest 2, chosafuna kulumikizidwa ku kompyuta ina, chidatuluka pa mtengo wa madola 299, pamene chidole chamakono chopuma ndi kugunda mtima chidya madola zikwi makumimakumi. Zipangizo zotere ziyendera batire ya maola awiri kapena atatu, imene ingadzazidwe ndi mphamvu ya dzuwa, ndipo phunziro likalowetsedwa kamodzi lingathe kukonzedwa kuti liziyenda popanda intaneti. Tonse tikumbuka mdima umene udatigwera namondwe Ana ataononga Kapichira m'chaka cha 2022, choncho aliyense wogula ayambe wafunsa za batire asanafunse za kukongola.

Komabe chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo tili ndi mfundo zingapo zimene tipempha akuluakulu a masukulu kuti asazitaye. Yoyamba ndi yakuti wodi ya m'chipangizomo ikhale wodi yathu. Maphunziro ogulidwa kunja aonetsa chipatala cha bedi limodzi pa chipinda, cha makabati a kompyuta ndi tizingwe ta manambala pa mkono wa wodwala. Wophunzira wozolowera zimenezo adzasokonezeka pa tsiku loyamba ku Rumphi. Anzathu a ku Lusaka adachenjera pojambula chipinda cha opaleshoni chofanana ndi cha m'chipatala cha kwao komweko. Ifenso tifuna kuona kabuku ka kuchipatala kamene wodwala ayenda nako, sikelo yolendewera, mapepala olembedwa pamanja, ndi mabotolo a maonekedwe omwewo amene achokera ku Central Medical Stores Trust. Wodwalayo alankhule Chitumbuka, Chitonga, Chinkhonde ndi Chichewa, pakuti funso lakuti kodi mankhwala ena adakutulutsanipo zilonda lifuna chilankhulo chimene gogo wa ku Karonga amva. Mzuzu University ili ndi ophunzira za makompyuta pa bwalo limodzi ndi ophunzira unamwino. Awiriwa akhale pansi pamodzi, wina abweretse luso la kujambula, wina abweretse nzeru za ku wodi, ndipo asayambe ndi zambiri. Mankhwala ochepa oopsa akwanira: artesunate, magnesium sulphate, gentamicin wa makanda amene akachuluka aononga impso ndi makutu, ndi insulin wa odwala shuga.

Mfundo yachiwiri ndi yakuti mwini phunziro ndi mphunzitsi, osati makina. Ofufuza a ku America aja adanenetsa kuti zotsatira zawo zidadalira aphunzitsi osulidwa bwino ndi zokambirana za pambuyo pa phunziro lililonse. Wophunzira akavula chipangizo akhale pansi ndi mphunzitsi ndi anzake, afotokoze chimene ankaganiza pamene adatola botolo lolakwika, popanda kumuseka kapena kumukalipira. Phunziro lalikulu koposa liri pomwepa. Mwambo wathu wolemekeza akulu ndi chuma, koma ulemu sutanthauza kukhala chete pamene dokotala walemba mlingo wokayikitsa. Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Namwino wamng'ono aphunzire kunena mwaulemu kuti pepani adokotala, mlingo uwu tiuonenso, ndipo azolowere kuitana mnzake kuti awerengere limodzi mankhwala oopsa, pakuti ichi nchiyani nkulinga muli awiri. Azolowerenso kuulula msanga akalakwa, chifukwa cholakwa chobisidwa chidikira wodwala wina.

Yachitatu ndi yakuti chipangizochi chisalowe m'malo mwa wodi yeniyeni. Zala sizimva kulimba kwa khungu m'chithunzi cha kompyuta, ndipo kupeza mtsempha pa dzanja la mwana wotha madzi m'thupi kuphunziridwa pa chidole ndi pambali pa namwino wamkulu. Ophunzira ena amva chizungulire akavala chipangizo nthawi yaitali, ndipo otere apatsidwe phunziro lomwelo pa kompyuta wamba. Tisadzinamizenso kuti luso limeneli lithetsa kuchepa kwa anamwino. Munthu mmodzi wosamalira wodi yodzaza usiku wonse adzatopa ngakhale ataphunzira chotani, ndipo ntchito yolemba anamwino okwanira ndi kuwapatsa masikelo, nyali ndi mankhwala ikhalabe pa mapewa a Unduna wa Zaumoyo.

Yotsiriza ndi ya mgwirizano. Mutu umodzi susenza denga. Si kwanzeru kuti sukulu iliyonse igule tizipangizo take tiwiri, nkutitsekera m'kabati ya mkulu wa sukulu kudikira alendo. Taona kale mphatso za abwenzi akunja zikuchita dzimbiri m'zipinda zosungira katundu chifukwa chosowa wokonza ndi kachitsulo kamodzi kosinthira. Masukulu a ku Mzuzu ndi Ekwendeni ali moyandikana, ndipo angathe kukhala ndi malo amodzi ophunzirira, mmisiri wawo wosamalira zipangizo, ndi ndondomeko yosinthana masiku. Zipangizozo nzopepuka, zilowa m'chikwama, choncho zingathe kuyendera anamwino amene ali kale pa ntchito ku Chitipa ndi ku Likoma kuti nawonso akumbutsidwe. Bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi, limene layang'anira ntchito ya unamwino kuyambira 1966, liike malire a maola ovomerezeka ndi muyeso wa maphunziro otere, ndipo bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority lithandize kuti milingo ya m'maphunziromo igwirizane ndi malangizo a dziko lino. Aphunzitsi a ku Kamuzu University of Health Sciences aitanidwe kuti chimene chapangidwa kumpoto chithandizenso pakati ndi kumwera.

Inu awerengi amene mugona pansi pa bedi kudikirira m'bale wanu, nanunso muli ndi gawo. Nyamulani kabuku ka wodwala, nenani mankhwala onse amene akumwa, a kusitolo ndi azitsamba omwe, ndipo mukaona namwino akuwerengera mlingo, mulekeni amalize musanamuitane, pokhapokha wodwala atafika pa ngozi.

Mtundu umene upereka ana ake m'manja mwa namwino uli ndi udindo wosula manja amenewo asanayambe ntchito. Wophunzira aliyense adzalakwa, pakuti palibe adaphunzira kuyenda osagwa. Chimene ife tingasankhe ndi malo ogwera. Tikufuna kuti mtsikana kapena mnyamata wa ku Mzuzu asokoneze mamililita ake pa mwana wojambulidwa ndi kompyuta, achite mantha, akambirane ndi mphunzitsi wake, abwereze mpaka dzanja ndi mutu zigwirizane, kuti pamene adzaima yekha usiku ku Usisya, mwana weniweni ali patsogolo pake, akhale atadutsapo kale pa njira imeneyo.